Mbiri ya Galasi la pa Foni Zathu

Ife okhala kunja timadalira foni kuti timve mawu a abale kumudzi, choncho mbiri ya galasi lake ikutikhudza. M'zaka za m'ma 1960, kampani ya Corning ku America inapanga galasi lolimba lotchedwa Chemcor, koma silinapeze msika waukulu. Mu 2007, Steve Jobs ataona kuti makiyi a m'thumba akukanda pulasitiki ya iPhone yoyeserera, analamula kuti paikidwe galasi. Corning inadzutsa luso lakalelo, ndipo Gorilla Glass inabadwa. Galasili amaliviika mu mchere wa potaziyamu wosungunuka, wotentha pafupifupi madigiri 400, kuti pamwamba pake palimbe. Komabe mchenga umalikanda ndithu, pakuti ndi wolimba kuposa galasi. Tikamatumiza foni kwathu, tisaiwale kuikapo chotchinjiriza.