Mbiri ya "Thou", "Thy" ndi "Thine": "Iwe" Amene Angerezi Adataya

Ophunzira a m'sukulu za sekondale m'boma la Mchinji, monganso anzawo a m'maboma ena, amakumana ndi mawu akuti "thou", "thee", "thy" ndi "thine" akamawerenga masewero a William Shakespeare kapena akamayimba nyimbo zakale za m'tchalitchi za m'Chingerezi. Ambiri amakhulupirira kuti amenewa ndi mawu a ulemu waukulu, oyenera Mulungu ndi mafumu okha. Mbiri ya chiyankhulocho ikutsutsa zimenezi. "Thou" adali "iwe" wa Angerezi, ndipo "you" wa masiku anoyu ndiye adali "inu" wawo.

Zaka 1,000 zapitazo Mngerezi poyankhula ndi munthu mmodzi ankati "thu", ndipo poyankhula ndi anthu ambiri ankati "ge", mawu amene pambuyo pake adasanduka "ye". Nkhani ya ulemu padalibe: mfumu idali "thu", kapolonso adali "thu". Chimene alowam'malo amenewa ankasonyeza ndi chiwerengero basi, mwakuti padalinso "git" wonenera anthu awiri okha. Umwini wa "thu" unkanenedwa ndi mawu akuti "thin". Cha m'ma 1200 lembo la n lidayamba kugwa pamene dzina lotsatira likuyamba ndi lembo lopanda liwu, choncho padabadwa "thy book" pambali pa "thine arm". Pamene mawuwo ayima okha popanda dzina, n ankatsala. Kotero "thy" ndi mfotokozi waumwini nthawi zonse, pamene "thine" amakhala mfotokozi akatsogolera dzina, ndi mlowam'malo akayima yekha. "My" ndi "mine" adayenda njira yomweyi. Chichewa chimagwira ntchito ziwirizi ndi tsinde limodzi la -ako: mu "khasu lako" muli mfotokozi, mu "lako lathyoka" muli mlowam'malo. Chosintha ndi mgwirizanitsi wa kumayambiriro, motsata gulu la dzina: wako, lako, chako, zako.

Ulemu udalowa ndi Chifalansa. Ankhondo a ku Normandy atagonjetsa England m'chaka cha 1066, Chifalansa chidakhala chiyankhulo cha kunyumba ya mfumu ndi cha m'mabwalo a milandu. Afalansa ankasiyanitsa "tu" wa mwana ndi mnzako ndi "vous" wa anthu ambiri kapena wa munthu mmodzi wolemekezeka. Pofika zaka za m'ma 1200 Angerezi adali atayamba kunena "ye" ndi "you" kwa munthu mmodzi wamkulu. Mchewa aliyense akuizindikira nzeru imeneyi, pakuti wamkulu amachulukitsidwa: "bwera" amasanduka "bwerani", "mwana wako" amasanduka "mwana wanu".

Tsono "thou" adatsalira ana, antchito, okondana ndi munthu amene ukufuna kumunyoza. Pa mlandu wa Walter Raleigh ku Winchester m'chaka cha 1603, Edward Coke, yemwe ankayimira boma, adamuyankhula Raleigh ndi "thou" mwadala, nachita kumuuza kuti akutero chifukwa ndi woukira mfumu. Patapita zaka pafupifupi 50, Akhristu otchedwa Quakers adakana kuchulukitsa munthu mmodzi, ponena kuti kutero ndi bodza ndiponso kudyetsa kunyada. George Fox ndi anzake adatulutsa buku lonse pa nkhaniyi m'chaka cha 1660. Ankati "thou" kwa oweruza milandu ndi kwa makolo awo omwe, ndipo ambiri adalawa nkhonya. Thomas Ellwood adalemba m'mbiri ya moyo wake kuti bambo ake adamuopseza kuti amugulula mano akadzamvanso mawuwo. Amene adaonapo mnyamata akunena "iwe" kwa apongozi ake sangadabwe ndi ukali wa bambo ameneyu. Pofika m'ma 1700 anthu a m'mizinda adali atausiya "thou" poopa kulakwira wina, ndipo "you" adameza zonse. M'madera ena a kumpoto kwa England, monga Yorkshire, akumvekabe ngati "tha" pakati pa anthu ozolowerana.

Nanga chiyero chimene anthu amamva mu "thou" chidachokera kuti? Chidachokera m'Baibulo. William Tyndale, amene Chipangano Chatsopano chake chidasindikizidwa m'chaka cha 1526, adatsata Chigiriki, chimene chimasiyanitsa mmodzi ndi ambiri popanda kuyang'ana udindo. Iye adalemba "thou" kwa Mulungu, kwa Satana ndi kwa wakhate chimodzimodzi. Baibulo la King James la 1611 lidasunga dongosolo lomweli. Mawuwo atafa pamsika ndi m'nyumba adatsala m'tchalitchi mokha, ndipo mibadwo yotsatira, posawamva kwina kulikonse, idayesa kuti ndi mawu opatulika. Baibulo la Revised Standard Version la 1952 lidafika posunga "thou" poyankhula ndi Mulungu yekha. Mawu onyozera Raleigh aja adasanduka mawu opembedzera.

Omasulira Baibulo m'Chinyanja adalibe mwayi wa Tyndale wongowerenga anthu. Buku Lopatulika la 1922, limene ntchito yake adatsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed Church, lidayenera kuweruza ndime iliyonse payokha. Pamene munthu akuyankhula ndi Mulungu lidalemba "Inu", kotero kuti "thy" wa m'Pemphero la Ambuye adasanduka "lanu" ndi "wanu". Pamene Mulungu akulamula munthu m'Malamulo Khumi lidasunga u- wa "iwe". Yesu amati "inu" kwa amayi ake pa ukwati wa ku Kana, pamene Pilato pofunsa Yesu amagwiritsa "ndiwe". M'Chigiriki ndi m'Chingerezi cha King James malo onsewa ali ndi mlowam'malo mmodzi yemweyo wa munthu mmodzi. Apa omasulira adachita bwino kumvera Achewa koposa kumvera buku limene ankamasuliralo. Akatolika nawo, amene mishoni yawo ya Kachebere ku Mchinji idatsegulidwa ndi ansembe a White Fathers m'chaka cha 1903, adaphunzitsa mapemphero a "Inu" ngakhale Chilatini cha pa Misa chinkati "tu". Kwa ansembe oyankhula Chifalansa zimenezi sizidali zachilendo, popeza Akatolika a ku France ankati "vous" m'pemphero la Atate Athu kufikira 1966.

Si ziyankhulo zonse za mbali ino ya Africa zimene zimachulukitsa wamkulu motere. Makolo a Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni m'boma la Mchinji adachokera kumwera ndi chiyankhulo chofanana ndi Chizulu, ndipo m'Chizulu mfumu imalonjeredwa ndi "wena", amene ndi "iwe", Mulungunso amapembedzedwa ndi "wena" yemweyo. Ulemu kumeneko uli m'mayina otamandira. Zidzukulu za Angoniwo, zitatenga Chichewa ndi Chinsenga, zidatenganso mwambo wochulukitsa.

Kunja kwa tchalitchi zinthu zidayenda moipa. Dzina lakale la boma la Mchinji lidali Fort Manning, potengera William Manning, mmodzi mwa atsogoleri a asilikali a Britain pa nkhondo yolimbana ndi Angoni a Mpezeni m'chaka cha 1898. Azungu amene adabwera pambuyo pa nkhondoyo, m'maofesi ndi m'minda ya fodya, ankayankhula Chingerezi cha "you" mmodzi. Ambiri a iwo adatola "iwe" m'Chinyanja namuyesa woyitanira munthu wakuda aliyense, kaya ndi mnyamata wa m'khichini kaya ndi nkhalamba ya imvi. Sikuti onse adali osadziwa. Munthu amene chiyankhulo chake chidataya "thou" chifukwa chakuti ankaluma adamupezanso m'chiyankhulo cha eni dziko, namugwiritsa ntchito monga adachitira Coke. Kwa Mchewa kumeneku kudali kumubweza munthu ku ubwana, pakuti mnyamata kapena mtsikana akavinidwa amayamba kupatsidwa "inu", nayitanidwa ndi mfunda: aPhiri, aBanda, Nambewe.

Angerezi eni ake adaumva mpata umene "thou" adasiya. M'zaka za m'ma 1700 ambiri ankati "you was" kwa mmodzi ndi "you were" kwa ambiri, mpaka olemba malamulo a chiyankhulo monga Robert Lowth, m'buku lake la 1762, adadzudzula zimenezo. Anthu a kumwera kwa America adapanga "y'all", a ku Ireland ndi Scotland "yous".

Womasulira wa lero ndiye amasenza katunduyu. Chikalata cha Chingerezi chopita kwa alimi, odwala kapena odutsa pachipata cha Mwami sichimuuza ngati "you" wake ndi mmodzi kapena ambiri, mwana kapena gogo. Mndandanda wa mawu umene umalemba "iwe" poyamba pomasulira "you" umaphunzitsa mwana mbiri mozondoka. Koyenera ndi kulemba "inu" poyamba ndi "iwe" pambuyo, ndi kusungira "thou" tanthauzo la "iwe", "thy" tanthauzo la mfotokozi -ako, ndi "thine" tanthauzo la -ako monga mfotokozi kapena mlowam'malo, pamodzi ndi chenjezo lakuti m'pemphero lopita kwa Mulungu atatuwa amamasuliridwa "Inu" ndi -anu.