Chala cha Kuphazi ndi Mbiri ya Kuzindikira Matenda a FOP

Mwa matenda osowa amene amachititsa thupi la mwana kupanga mafupa opyola muyeso, amodzi amene mbiri yake inalembedwa kuyambira kale ndi fibrodysplasia ossificans progressiva, kapena FOP mwachidule, matenda amene amasandutsa minofu ndi mitsempha yolumikiza mafupa kukhala fupa, kuyambira m'khosi, m'mapewa ndi kumsana, mpaka mfundo za thupi zitauma osapindikanso. Mu 1736, John Freke, dokotala wa maopaleshoni pachipatala cha St Bartholomew's ku London, analemba za mnyamata wa zaka 14 amene zotupa zolimba zinamera ndi kulumikizana kumsana kwake, koma sanathe kufotokoza gwero lake. Pambuyo pake madokotala anawatcha myositis ossificans progressiva poganiza kuti kutupa kwa minofu ndiko kumayambitsa zonse, ndipo dzina la FOP linakhazikika cha m'ma 1970, makamaka chifukwa cha dokotala wina, Victor McKusick.

Chizindikiro chofunika koposa chinadziwika m'zaka za m'ma 1870, pamene madokotala a ku Germany, Fränkel ndi Helferich, anaona kuti ana oterewa amabadwa ndi chala chachikulu cha kuphazi chachifupi ndiponso chopindikira ku zala zinzake, ngakhale kuti thupi lonse limaoneka labwinobwino. N'zomvetsa chisoni kuti nzeru yosalira chipangizo chilichonseyi inakhala m'mabuku kwa zaka zoposa 100 osafika kwa madokotala ambiri, pakuti mwana akabwera ndi chotupa chowawa kumsana, ochepa okha ndiwo ankaganiza zomuvula nsapato. Kafukufuku wa odwala 138 amene anafalitsidwa mu 2005 anasonyeza kuti 87 pa 100 alionse anauzidwa poyamba kuti akudwala matenda ena, kawirikawiri khansa, ndipo ambiri anadulidwa kanyama kokapima popanda chifukwa. Kulakwitsa kumeneku n'koopsa pa FOP kuposa pa matenda ena ambiri, chifukwa bala lililonse la m'minofu, kaya la mpeni wa dokotala kapena la jakisoni, lingadzutse fupa latsopano pamalo omwewo, kotero kuti pafupifupi theka la odwalawo anati chiwalo china chinauma mpaka kalekale chifukwa cha kupimidwa kapena chithandizo cholakwika.

Zambiri za mmene fupa latsopanoli limafalikira zinaphunziridwa pa mafupa a Harry Eastlack, wodwala FOP amene anamwalira ndi chibayo mu 1973 atapereka thupi lake kwa ofufuza, ndipo mafupawo amasungidwa ku Mütter Museum ku Philadelphia. Mumzinda womwewo, mu 2006, gulu la Eileen Shore ndi Frederick Kaplan pa University of Pennsylvania linapeza kuti gwero lake ndi kusintha kwa jini yotchedwa ACVR1; jini ndi kachidutswa ka malangizo amene maselo amatsatira pomanga thupi. Kusinthaku kumachitika mwatsopano mwa ana ambiri, makolo alibe matendawa, ndipo kuyambira pamene gweroli linapezeka, kupima magazi kumatsimikizira zimene chala chasonyeza, fupa loyamba lisanaoneke pa X-ray.