Momwe America idapezera ufulu wodzilamulira

Mkangano wa pakati pa Britain ndi madera 13 omwe inkalamulira kugombe la kum'mawa kwa North America udayambira pa msonkho. Nkhondo ya Britain ndi France itatha mu 1763, boma la ku London lidatsala ndi ngongole yaikulu, ndipo lidafuna kuti maderawo athandize kusenza mtolowo. Mu 1765 Nyumba ya Malamulo idaika msonkho pa nyuzipepala ndi zikalata za m'khoti. Anthu a m'maderawo adakana kwamtuwagalu ponena kuti sangakhome msonkho wokhazikitsidwa ndi nyumba yomwe iwo analibemo phungu ngakhale mmodzi. Lamulolo lidathetsedwa mu 1766, koma padabweranso misonkho ina, ya galasi, utoto ndi tiyi.

Zinthu zidafika povuta ku Boston. Mu 1770 asilikali a Britain adawombera gulu la anthu ndi kupha asanu. Mu Disembala 1773 anthu adakwera sitima zitatu padoko ndi kutaya m'nyanja mabokosi 342 a tiyi. Britain idatseka dokolo ngati chilango, koma chilangocho chidangogwirizanitsa madera omwe kale lililonse linkayendera yake. Nthumwi zawo zidakumana ku Philadelphia mu 1774, ndipo pa 19 Epulo 1775 mfuti zidalira ku Lexington ndi ku Concord.

Ngakhale apo, ambiri ankangofuna kuti Mfumu George III ya Britain imve madandaulo awo. Kabuku ka Thomas Paine, Common Sense, kadathandiza kusintha maganizo amenewa, ndipo pa 4 Julayi 1776 nthumwi zidavomereza chikalata cholengeza ufulu, chomwe mlembi wake wamkulu anali Thomas Jefferson.

Kulengeza kunali kosavuta poyerekeza ndi kumenya nkhondo. George Washington, mkulu wa asilikali a maderawo, adagonja ku New York mu 1776, ndipo chaka chotsatira mzinda wa Philadelphia udalandidwa. Luso lake lalikulu linali kusunga gulu lake kuti lisabalalike, ngakhale m'nyengo ya chisanu ku Valley Forge, kumene asilikali ambiri adafa ndi matenda, ena akuyenda opanda nsapato. Malinga gululo likadalipo, Britain inkayenera kupitiriza kutumiza asilikali ndi chakudya kudutsa nyanja ya Atlantic, ntchito yodya ndalama zochuluka.

Mphepo idatembenuka ku Saratoga mu Okutobala 1777, pamene mkulu wa asilikali a Britain, John Burgoyne, adadzipereka ndi gulu lake lonse. Izi zidakhutiritsa France kuti Amereka angathe kupambana, ndipo mu 1778 idasaina nawo pangano lomwe nthumwi yawo, Benjamin Franklin, adalikambirana ku Paris. Popanda ndalama, zida ndi sitima za France, n'zokayikitsa kuti nkhondoyo ikadatha momwe idathera. Ku Yorktown mu 1781, sitima za France zidatseka njira ya panyanja pomwe asilikali a Washington ndi a France adazinga mkulu wa asilikali a Britain, Charles Cornwallis, pamtunda, mpaka adagonja pa 19 Okutobala.

Pangano la ku Paris la mu 1783 lidazindikira United States ngati dziko loima palokha, malire ake kufika kumtsinje wa Mississippi. Ufuluwo sudafike kwa onse. Eni nthaka a mitundu ngati Iroquois sadaitanidwe kuzokambiranazo ngakhale malo awo ndi omwe ankagawidwa, ndipo akapolo ochokera ku Africa adakhalabe mu ukapolo m'madera ambiri. Ena mwa akapolo omwe adathawira kumbali ya Britain adatengedwa kupita ku Nova Scotia, ndipo mu 1792 oposa 1,000 mwa iwo adasamukira ku Sierra Leone, kumene adayambitsa mzinda wa Freetown.