Ruo, mtsinje umene unasanduka malire

Senderani kuno adzukulu, ndikuuzeni za Ruo. Inu mumangoumva pa wailesi ukasefukira, koma ife tinaumwa, tinausamba, tinauwoloka pa bwato.

Mtsinjewu umatumphuka pamwamba pa phiri la Mulanje, madzi ake ozizira ochititsa dzanzi mano. Umatsika ndi liwiro m'chigwembe, n'kudutsa m'minda ya tiyi ya ku Lujeri, kenaka n'kukumana ndi Muloza. Kumunsi, cha ku Sandama, Thuchila amadzathiramo madzi ake a matope ochokera ku chigwa cha Phalombe. Apo ndiye Ruo wakula. Pa mathithi a Zoa umadziponya pansi mamita 60, mkokomo wake kumveka usanafike n'komwe. Ukatero umafatsa, n'kumayenda mwaulemu mpaka cha ku Chiromo, komwe umathira mu Shire.

Kalelo makolo athu sankadziwa zoti tsidya lino ndi dziko lina, tsidya ilo ndi dziko lina. Munda unkakhala uko, nyumba kuno. Mnyamata ankakafunsira mbeta kutsidya, maliro n'kumalirira pamodzi.

Zinthu zinatembenuka mu 1889, pamene asilikali a Mpwitikizi wina, Serpa Pinto, anakwera ndi Shire, namenyana ndi Amakololo a mfumu Mlauri, n'kufika mpaka pa Chiromo. Angelezi anakwiya. Mu 1891 Angelezi ndi Apwitikizi anasainirana pangano ku Ulaya, n'kunena kuti Ruo ndiye malire. Ife eni mtsinje sanatifunse, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Komabe Alomwe ambiri anawoloka pothawa nkhanza za Apwitikizi. Atafika kuno anapeza thangata akuwadikira m'minda ya azungu.

Chiromo anali malo otchuka, musamuone lero. Sitima za pamadzi zinkakocheza pamenepo, ndipo njanji imene inafika ku Blantyre mu 1908 inakwera mtunda motsata Ruo yemweyu, kudzera pa Sankhulani ndi Thekerani.

Koma Ruo ngwaukali. Mvula ikagwa ku Mulanje, ngakhale kuchigwa kuli dzuwa lang'alang'a, madzi amafika usiku ndi mitengo yozuka. Amakankha Shire mpaka madzi ake kubwerera m'mbuyo, n'kudzaza dambo la Elephant Marsh. Mu 1997 madzi anadula njanji pa Chiromo. Mu 2015 Ruo anasiya khwawa lake n'kudzitsegulira njira yatsopano, ndipo anthu a ku Makhanga anadzuka ali pa chilumba, chimanga chawo chili pansi pa mchenga.