Mmene mankhwala a linjirinjiri anafikira mu mtsempha wa khanda ku Kafue

Pamene mlatho wa njanji unkamangidwa pa mtsinje wa Kafue mu 1906, khanda logwidwa ndi linjirinjiri linkathandizidwa ndi azamba ndi agogo ake. Ena ankalifukiza utsi, ena ankalimwetsa madzi a mizu. Onse ankachita mwachikondi, koma mwana amene akugwedezeka samameza bwino, ndipo madziwo amatha kulowera m'mapapo n'kumutsamwitsa.

Mu 1912 dokotala wa ku Germany, Alfred Hauptmann, anapatsa odwala khunyu mankhwala ogonetsa otchedwa Luminal, n'kuona kuti kugwa kwawo kwachepa. Amenewo ndiye phenobarbital. Mpaka lero bungwe la WHO limati khanda likagwidwa, mankhwala oyamba akhale omwewa, mamiligalamu 20 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake.

Chimene chinatenga nthawi ndi kudziwa polowetsera. Piritsi losungunula, ngakhale lodutsa m'kapaipi ka m'mphuno, limachedwa kufika m'magazi, makamaka kwa mwana amene anabanika pobadwa, poti matumbo ake amakhala ofooka. Jakisoni wa pantchafu amafulumirako. Wa mu mtsempha, woperekedwa pang'onopang'ono kwinaku namwino akuyang'anira kupuma, ndiye amafika ku ubongo msanga. Koma mtsempha wa khanda ndi wopyapyala ngati ulusi, moti nthawi zina amalowera pa mchombo. Diazepam, mankhwala ena olowetsera kumbuyo, amene amathandiza ana okulirapo, madokotala amamupewa kwa makanda chifukwa amatha kuimitsa kupuma.

Tauni ya Kafue itakula ndi mafakitale a Nitrogen Chemicals of Zambia ndi Kafue Textiles cha m'ma 1970, amayi ambiri anayamba kuchirira kuchipatala. Lero matenda a khanda akakula pa Kafue General Hospital, ambulansi imalitengera ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 40. Ulendo wotere ndi wautali kwa ubongo umene ukuvulala, n'chifukwa chake jakisoni woyamba ayenera kubayidwa asananyamuke.

Kupezeka kwa mankhwalawo kwakhalanso kovuta. Kafukufuku wa Pulofesa Elwyn Chomba ndi anzake, wofalitsidwa mu 2010, anapeza kuti pafupifupi theka la malo ogulitsira mankhwala amene anayendera m'Zambia linalibe mankhwala a khunyu, ndipo amadzimadzi a ana sanapezeke paliponse. N'zowawa, poganizira kuti phenobarbital ndi wotsika mtengo kwambiri.

Linjirinjiri la khanda limabisala: kuyang'ana pamodzi osaphethira, kutafuna pakamwa popanda kanthu, miyendo kupalasa yokha. Mayi kapena agogo akaona zimenezi asamumwetse kalikonse mwanayo. Amugoneke chammbali, amufunditse, athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo.