Tamoxifen

Tamoxifen ndi dzina la piritsi limene amayi ambiri omwe analandira chithandizo cha khansa ya m'mawere amamwa tsiku lililonse kwa zaka 5 mpaka 10. Ntchito yake ndi kutchinga homoni ya estrogen, imene imakulitsa mitundu ina ya khansayi, kuti isagwire maselo a bere.

Chovuta ndi zimene limabweretsa. Mayi amangomva kutentha kwadzidzidzi kumaso ndi pachifuwa, usiku thukuta kamukamu mpaka zofunda kunyowa. Zovala zopepuka zathonje zimathandizako, kuchepetsa tsabola ndi mowa nakonso. Zikanyanya, adokotala atha kupereka mankhwala otchedwa venlafaxine. Ena amatopa n'kusiya kumwa tamoxifen mwakachetechete, komatu apo khansa imapeza mpata wobwerera. Kutaya magazi kumaliseche mosayembekezeka kapena kutupa mwendo umodzi, zimenezo n'zothamangira kuchipatala tsiku lomwelo.