Mbiri ya Timakabichi ta ku Brussels

Ma Brussels sprouts ndi timakabichi tokula ngati dzira la nkhunda, timene timamera mothithikana kuzungulira tsinde limodzi lalitali m'malo mokulunga mutu umodzi waukulu. Mbewuyi ndi ya mtundu umodzi ndi kabichi wamba, umene akatswiri a zomera amautcha Brassica oleracea, ndipo inatenga dzina la mzinda wa Brussels ku Belgium, kumene inkalimidwa kale m'zaka za m'ma 1500. Inafika ku Britain chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo popeza imakololedwa m'nyengo yachisanu, m'kupita kwa nthawi inakhazikika pa chakudya cha Khirisimasi.

Komabe kudyedwa chaka ndi chaka sikunatanthauze kukondedwa. Mabanja ambiri ankawiritsa timakabichiti m'madzi ochuluka mpaka kulobodoka, kaphikidwe kamene kamatulutsa fungo la sulufule, ndipo ana ankakula akudana nato. Mlandu sunali wa ophika okha, chifukwa masamba ake ali ndi timadzi tachilengedwe totchedwa glucosinolates, timene mbewu imadzitetezera nato ku tizilombo, ndipo timodzi mwa ito, sinigrin, ndi tomwe timapatsanso mpiru kuwawa kwake.

Kusintha kwenikweni kunayambira ku Netherlands m'zaka za m'ma 1990, pamene wasayansi Hans van Doorn anapeza kuti sinigrin ndi timadzi tina ta mtundu womwewo, progoitrin, ndizo zimabweretsa kuwawako. Makampani a mbewu a m'dzikolo anafufuza m'nkhokwe zawo mbewu zakale zosawawa kwambiri, ngakhale zinali zosabereka mokwanira, n'kuzikwatitsa ndi mbewu zamakono zobereka zambiri komanso zopirira matenda. Ntchitoyi inatenga zaka, motero munthu amene anakana ndiwozi ali mwana n'kudzazikonda atakula sayenera kuganiza kuti lasintha ndi lilime lake lokha.

Ophika nawonso anasiya kungowiritsa. M'malesitilanti a ku America, monga a Momofuku a David Chang ku New York, timakabichiti tinayamba kukazingidwa kapena kuwotchedwa pamoto waukulu mpaka m'mphepete mutadera, zomwe zimachititsa kuti shuga wa m'masamba apse n'kupereka kukoma, kenako n'kuthiramo nyama yankhumba kapena msuzi wa nsomba. Ku Britain ena akadali ndi chizolowezi chocheka mtanda kutsinde kwa kakabichi kalikonse kasanalowe mumphika, poganiza kuti kapsa msanga mkati, koma ophika ambiri amakono amakana zimenezi chifukwa chilondacho chimangolowetsa madzi.